Kusankha zipangizo za kandege ka mpikisano kopanga nokha: mafunso ndi mayankho

Mafunso awa ndi amene amabwera mobwerezabwereza kuchokera kwa anthu a kuno ku Dedza ndi ku Ntcheu ofuna kupanga kandege kofanizira ndege ya mpikisano wa liwiro, kuyambira pa thabwa mpaka pa penti, osagula zidutswa zoumbiratu za m'bokosi. Ambiri amene amafunsa ndi ana asukulu za sekondale, aphunzitsi awo ndi akalipentala. Mayankho ambiri akunena za kandege koika patebulo. Za kandege kouluka zili kumapeto.

Kandege kofanizira kasiyana bwanji ndi kandege koseweretsa ana?

Kusiyana kwake ndi muyezo. Koseweretsa kakangokhala ndi mapiko, mchira ndi pulopela, aliyense amavomera kuti ndi ndege. Kofanizira kamatsanzira ndege imodzi yeniyeni, yodziwika dzina ndi nambala yake, ndipo chiwalo chilichonse chimachepetsedwa mofanana. Phiko likachepa ka 20, tayala nalo lichepe ka 20, ngakhalenso waya womangira phikolo.

Luso la manja kuno silisowa. Amene munatsikapo msewu wa ku Golomoti munaona timagalimoto ndi tinjinga tamatabwa tomwe amisiri amayala m'mbali mwa msewu, ndipo ambirife tinakula tikupinda magalimoto a waya. Chimene ntchito ino imawonjezera pa lusolo ndi rula. Chilichonse chimene mwatola, kaya chivundikiro cha botolo kaya sipoko ya njinga, yambani mwachiyeza pa chojambula musanachikonde.

Ndiyambe ndi ndege iti?

Funsoli limabwera koyambirira pazifukwa zomveka: ndege imene mwasankha ndiyo imakuuzani zoti mukatole.

Imene anthu ambiri amaikonda akangoiona ndi Gee Bee R-1 ya ku America, yonenepa, yaifupi, yofiira ndi yoyera, yolembedwa nambala 11. Anaipanga ndi abale a banja la Granville ku Springfield, Massachusetts, ndipo Jimmy Doolittle anapambana nayo mpikisano wa Thompson Trophy ku Cleveland mu 1932. Mapiko ake kuchokera nsonga kufika nsonga ndi mamita 7.62, thupi mamita 5.38 okha. Thupi lotere limasemeka bwino, koma mphuno yake ili ndi injini yoonekera, yomwe ndi ntchito payokha.

Ina ndi Supermarine S.6B ya ku Britain, yotera pamadzi, imene inatenga chikho cha Schneider Trophy mu 1931 pa liwiro la makilomita 547 pa ola, kenako m'chaka chomwecho n'kufika 655. Anaijambula ndi R.J. Mitchell, yemwe pambuyo pake anajambula ndege ya nkhondo yotchedwa Spitfire. Ndi yokongola zedi, koma ili ndi timabwato tiwiri pansi, timitengo tochirikiza ndi mawaya ambirimbiri. Pakangopendama chimodzi, diso limaona.

Palinso de Havilland DH.88 Comet yofiira, yotchedwa Grosvenor House, imene C.W.A. Scott ndi Tom Campbell Black anapambana nayo mpikisano wochokera ku Mildenhall ku England kukafika ku Melbourne mu 1934, pa maola osakwana 71. Ili ndi injini ziwiri, choncho chilichonse cha pa injini mupanga kawiri ndipo ziwirizo zifanane.

Kwa woyamba kumene, ine ndimalangiza Percival Mew Gull. Ndi kandege kosalala, kopanda mawaya akunja, injini yake ndi yobisika, ndipo matayala ali m'zophimba. Mbiri yakenso ikukhudza Africa: mu February 1939 Alex Henshaw anauluka nayo yekha kuchoka ku England kupita ku Cape Town n'kubwerera pa masiku anayi ndi maola ochepa. Ndegeyo, yolembedwa G-AEXF, ilipobe, motero zithunzi zake zooneka bwino n'zosasowa.

Chojambula ndichipeza kuti, ndipo chikhale chotani?

Mufunika chojambula choonetsa ndegeyo mbali zitatu: cham'mbali, chapamwamba ndi chakutsogolo. Za ndege zotchukazi zimapezeka pa intaneti. Chabwino koposa ndi chimene chikuonetsanso maonekedwe a thupi ngati litadulidwa pamalo angapo, chifukwa ndi pamenepo mudulira timakatoni toyezera posema.

Mukakasindikiza kapena kukulitsa pa fotokope, musangokhulupirira makinawo. Yezani mapiko ndi rula, yezaninso thupi, muone ngati zonse ziwiri zikugwirizana ndi masamu anu. Nthawi zina pepala limatuluka litatambasuka mbali imodzi yokha. Sonkhanitsaninso zithunzi za ndege yomweyo, za chaka chimodzi, popeza ndege za mpikisano zinkasinthidwa kawirikawiri.

Sikelo yabwino ndi iti?

Sikelo pano ikutanthauza kuti ndegeyo yachepetsedwa kangati: 1:72 ndiye kuti yachepa ka 72. Zogula m'mabokosi zimabwera pa 1:72, 1:48, 1:32 kapena 1:24. Masikelo amenewa anachokera ku mainchi. Inu amene mukupanga nokha ndi rula ya masentimita, tengani 1:20. Mita imodzi ya ndege yeniyeni imakhala masentimita 5, basi, masamu ake ochita pamtima. Gee Bee ituluka ndi mapiko a masentimita 38, S.6B masentimita 46, ndipo Comet, yomwe mapiko ake ndi mamita 13.41, ifika masentimita 67.

Mukatsika pa 1:48, zinthu zambiri zotola zimakhala zonenepa mopitirira. Mukakwera pa 1:10, diso limayamba kufuna zambiri, monga mipando, mawotchi a m'kati ndi zomangira zing'onozing'ono.

Mabuku onse akuti balsa. Kuno sapezeka, nditani?

Balsa ndi mtengo wopepuka kwambiri umene wambiri umachokera ku Ecuador. Kwa kandege kouluka ndi wofunikadi. Kwa kandege ka patebulo si wofunika, ndipo nthawi zina umangovutitsa, chifukwa umabonyoka ndi chikhadabo chabe komanso umamwa penti.

Malaina ouma bwino ndiye thabwa limene ndimaika patsogolo. Ndi opepuka pang'ono, amamvera mpeni, sang'ambika wamba, ndipo akakwechedwa amasalala. Thupi la ndege, zophimba matayala ndi timabwato ta S.6B zonse zimatuluka bwino m'malaina.

Paini kuno ku Dedza ndi wosasowa, ndipo zidutswa zotsala kwa akalipentala kapena zigwagwa za kumacheka zimakwanira. Koma sankhani mosamala. Pewani chidutswa cha mfundo ndi chotuluka utomoni, chifukwa utomoniwo umadzatulukira pa penti kukatentha. Yang'anani kumapeto kwa thabwalo: mizere ikhale yothinana ndi yowongoka. Paini wa mizere yotalikirana ali ndi mbali yofewa ndi yolimba, moti mukamakwecha yofewayo imadyeka msanga n'kusiya timizere tokwera, tomwe pa ndege ya mpikisano timaoneka moipa. Chidutswa chatsopano chisungeni m'nyumba masabata angapo kuti chiume musanachiseme.

Chiwale ndi phesi louma la khonje ndizo zoyandikira balsa pa kupepuka. Mukasenda khungu lolimba lakunja, zam'kati zimadulika ndi lezala. N'zabwino kudzazira malo aakulu kapena kuyesera maonekedwe musanawononge thabwa labwino, koma sizigwira nsonga yakuthwa ndipo zimatha kufumbwa. Zipakeni guluu wa matabwa wosungunula ndi madzi kawiri kapena katatu musanapite nazo patsogolo.

Mlombwa ndi mitengo ina yolimba isungireni poimikira kandegeko.

Nanga mapiko ndi mchira?

Apa ndi pamene tindege tambiri timaonekera kuti n'toseweretsa. Phiko la ndege ya mpikisano ndi lopyapyala, lozungulira kutsogolo, lakuthwa kumbuyo, ndipo limanka lichepa kunsonga. Phiko longodulidwa pa pulayiwudi n'kulisiya lafulati limaononga ntchito yonse.

Sankhani thabwa lomwe mizere yake ikuyenda kuchokera pathupi kupita kunsonga ya phiko. Ngati n'kotheka semani mapiko onse awiri pa thabwa limodzi lodutsa pansi pa thupi, kuti asadzagwe mbali imodzi. Onaninso chojambula chakutsogolo, muone mmene mapiko akwerera m'mwamba pang'ono kunsonga. Kukwera kumeneko kumapangidwa pocheka pakati pang'ono, kupinda, ndi kumata phikolo litatsamira pa timatabwa tiwiri tofanana msinkhu.

Mchira ndi wopyapyala kuposa phiko. Thabwa la mamilimita awiri kapena atatu limapindika likauma mbali imodzi, choncho lipakeni mbali zonse ziwiri tsiku limodzi. Ena amagwiritsa ntchito makadi akale a pulasitiki, onga ochotsamo SIM, atawamata awiri n'kukwecha m'mbali. Zimatheka ndithu.

Fomu yoyera ya m'makatoni a TV ndi firiji ingathandize?

Ingathandize pa kandege kakakulu kapena kouluka, koma timibulu take timathothoka mukamakwecha, ndipo pamafunika kuikuta ndi pepala lomata ndi guluu wa matabwa kuti ilimbe. Werengani kaye yankho lotsatirali musanaiyandikize guluu wina aliyense.

Guluu ndigule uti?

Palibe guluu mmodzi wa ntchito zonse. Thabwa ndi thabwa, tengani guluu woyera wa akalipentala, mumange ndi malamba odula ku chubu cha njinga, musiye usiku wonse. Chitsulo ndi thabwa, monga miyendo ya matayala, pamafunika guluu wosakaniza machubu awiri, monga Pratley, wopezeka m'mashopu a hadiweya. Supagulu ndi wa tizinthu ting'onoting'ono, ndipo mukamudonthezera pa soda wophikira amauma nthawi yomweyo n'kutseka kabowo. Kwechani pomwepo, chifukwa akagona amalimba kuposa thabwa lomuzungulira.

Pali zinthu ziwiri zoti musamale. Supagulu wamba, guluu wa nsapato, thinazi ndi penti wa sipuleyi zonsezi zimasungunula fomu yoyera ija. Ndiponso mpweya wa supagulu umayeretsa galasi lophimba pokhala woyendetsa ngati nkhungu, ndipo zimavuta kuchotsa. Galasi limatidwe ndi guluu woyera, amene akauma amaonekera.

Injini ya Gee Bee ndiipanga ndi chiyani?

Ndege imeneyi inali ndi injini ya Pratt & Whitney Wasp ya masilinda 9 oyalidwa mozungulira. Chophimba chake n'chozungulira, chotsegula kutsogolo, moti masilindawo amaoneka.

Chophimbacho anthu amathamangira chivundikiro cha sipuleyi kapena thako la botolo la pulasitiki. Ndi nzeru yabwino ngati muyezo wakwana. Jambulani bwalo lake pa katoni kuchokera pa chojambula chakutsogolo, muziyenda nako m'thumba, ndipo chivundikiro chilichonse chimene mwapeza muzichiyeza pamenepo. Chikaposa kapena kupelewera ndi mamilimita oposa awiri, chisiyeni. Kuli bwino kupita kwa mmisiri wa makina ozungulitsa thabwa, amene amapanga miyendo ya matebulo, akakuzungulitsireni chidutswa cha malaina pa muyezo weniweni.

Masilinda amapangidwa ndi mabawuti ang'onoang'ono, popeza mazinga a bawuti amafanana ndi timizere toziziritsira injini. Njira ina ndi kukulunga waya wa kopa wa m'mota yakufa pa kamtengo. Gawani bwalo pa madigiri 40, ndipo silinda imodzi iloze m'mwamba chindunji. Mapaipi a utsi amachokera ku kapaipi ka inki ka bolopeni.

Mew Gull, Comet ndi S.6B zili ndi injini zobisika, choncho mphuno zake n'zongosema.

Pulopela ndingatenge ya pa chidole kapena pa kafani ka kompyuta?

Ayi. Mapeni a fani ndi otambalala, aafupi ndiponso ambiri. Ndege zinayi zatchulidwa pamwambazi zinali ndi mapulopela a mapeni awiri, aatali ndi oonda. Semani yanu pa nsungwi yokhwima kapena pa kachidutswa ka thabwa lolimba.

Chinsinsi chake ndi kupotoka. Pafupi ndi pakati peni limapendekeka kwambiri, ndipo kunsonga limatsala pang'ono kukhala lafulati. Dulani kaye kathabwa ka makona anayi, jambulani maonekedwe akutsogolo, kenako semani mbali yakumbuyo kuchokera pa ngodya ina kupita pa ngodya yopingasana nayo, mumalize ndi yakutsogolo. Onetsetsani pa zithunzi mbali imene ikupendekekera. Injini ya Wasp ndi injini za Gipsy za pa Comet ndi Mew Gull zimazungulira mosiyana, ndipo munthu wodziwa ndege amaona msanga pulopela yotembenuka.

Amene mwasankha Macchi M.C.72 ya ku Italy, imene Francesco Agello anafika nayo makilomita 709 pa ola mu 1934, mufunika mapulopela awiri otsatizana pa mphuno imodzi, opotokera mbali zosiyana.

Matayala a timagalimoto toseweretsa angakwane?

Kawirikawiri sakwana. Ndi otambalala ndiponso ali ndi mapanga a tayala la pamsewu, pamene a ndege zimenezi anali osalala. Mwayi wake ndi woti pa Gee Bee ndi Mew Gull tayala limangosuzumira pang'ono pansi pa chophimba. Dulani bwalo pa patapata wakuda wakale, lowetsani bawuti pakati, mangani pa dirilo, ndipo likamazungulira ligunditseni pa sandipepa mpaka likhale lozungulira bwino. Timphira tozungulira ta m'mashopu a zipangizo za njinga zamoto kapena za mipope natonso timakhala matayala abwino mukativeka pa kabwalo ka thabwa.

Pansi pa tayala lililonse kwechanipo pang'ono kuti pakhale pafulati, kandege kaoneke kuti kali ndi kulemera.

Waya wa miyendo ndi womangira mapiko akhale wonenepa bwanji?

Bwererani ku masamu a sikelo. Pa 1:20, sipoko ya njinga ya mamilimita awiri ikuimira chitsulo cha masentimita anayi. Ndiye kuti sipoko ndi yoyenera m'kati mwa miyendo ya matayala ndi timitengo tochirikiza timabwato, itakutidwa ndi nsungwi yosema mopyapyala. Siyoyenera kumangira mapiko. Pa mawaya a mapiko a Gee Bee ndi S.6B tengani nayiloni wowedzera nsomba wa mamilimita 0.3 kapena 0.4, kapena nsambo yopyapyala ya gitala. Ulusi wosokera uli ndi ubweya umene umakola fumbi ndi penti. Boolani timabowo ta mawaya musanapente, koma mawayawo muike pomalizira.

Galasi la woyendetsa?

Botolo loonekera la madzi kapena la zakumwa limakhwinyata likatenthedwa, ndipo khalidwe limenelo ndi limene timadyerapo. Semani chikombole cha thabwa chofanana ndi galasilo, chichepe pang'ono, chisalale kwambiri. Dulani botolo pamalo opanda mizere, lowetsani chikombolecho, chinani ndi kamtengo kunsi kuti chithine, ndipo muzilizunguza pamwamba pa mbaula ya makala onyeka bwino opanda malawi. Pulasitikiyo imagwira chikombole pang'onopang'ono. Mukayandikiza kwambiri imayera ngati mkaka, ndiye tengani mabotolo angapo. Chitirani panja, mutavala magolovesi kapena mutagwira ndi pulayazi.

Mafelemu a galasi ndi timizere ta tepi yopentedwa kale, todulidwa ndi lezala yatsopano.

N'chifukwa chiyani penti wanga akuoneka mizere ya thabwa, kapena kuyera?

Ndege za mpikisano ankazisalaza mwadala kuti zisakokane ndi mphepo, choncho kusalala si kukongoletsa chabe, ndi mbali ya kufanana. Comet inali yathabwa, ndipo pa thupi ndi mapiko ake simuyenera kuoneka mizere ya misomali yachitsulo. Musawonjezere zimene pa ndege yeniyeni panalibe.

Mizere ya thabwa imabisika ndi ntchito ya pansi pa penti. Kwechani ndi sandipepa wa 120, kenako 220. Pakani chotseka thabwa chimene akalipentala amapaka asanathire vanishi, kwechani, pakaninso. Maenje tsekani ndi fila ya okonza mabodi a galimoto, pang'ono pokha. Thirani pulayima wotuwa, amene amaulula chilema chilichonse, ndipo mukwechenso ndi 400 kapena 600 wonyowetsa. Kandege kakasalala ngati dzira ndiye mwafika pothira mtundu. Yambani ndi woyera, wofiira pambuyo.

Kuyera kuja n'kwa nyengo yathu. M'miyezi ya June ndi July, kukachita nkhungu ndi mawawa, penti wa sipuleyi amakola chinyezi n'kuuma wotuwa. Dikirani tsiku la dzuwa, muthire pakati pa 10 koloko m'mawa ndi 2 koloko masana, chitini mutachifunditsa kaye m'madzi ofunda, osati pamoto. Mu September ndi October mdani ndi fumbi. Mukangothira, vundikirani ndi katoni yaikulu yoyera m'kati.

Manambala ndi zilembo ndilembe pamanja?

Ngati dzanja lanu ndi la olemba zikwangwani, lembani. Apo ayi, sindikizani pa pepala pa muyezo wake, ikani pepalalo pamwamba pa tepi ya pepala yomata pa galasi, dulani ndi lezala, ndipo tepiyo ikhale chotchingira pothira penti. Masitika onenepa amaoneka m'mbali mwake. Onani pa zithunzi malo enieni a nambala iliyonse, monga 34 wa pa Comet yofiira ija.

Ndikufuna kanga kauluke. Zisintha ndi ziti?

Pafupifupi zonse za pa thabwa zisintha, chifukwa tsopano chilichonse chiyezedwa kawiri, pa rula ndi pa sikelo ya kulemera. Thupi likhale lobowoka, la balsa kapena fomu, ndipo kukula kwake kufike pa mapiko a mita imodzi kapena kuposerapo. Mchira ukhale wopepuka koposa, popeza galamu imodzi yowonjezera kumchira imafuna magalamu angapo kumphuno, makamaka pa ndege za mphuno yaifupi. Kandege kakonzeka, kanyamuleni pa zala ziwiri pansi pa mapiko, pa gawo limodzi mwa magawo anayi a phiko kuchokera kutsogolo. Kakhale kosapendama kapena kaweramire kutsogolo pang'ono. Kakagwera kumbuyo musakaulutse.

Zamagetsi zimasankhidwa pamodzi, osati chimodzichimodzi. Kwa kandege kolemera pafupifupi kilogalamu imodzi, zimene anthu ambiri amayambira ndi mota ya brushless ya 2212 ya 1000KV, ESC (kachipangizo kowongolera liwiro la mota) ya 30A, batire ya LiPo ya maselo atatu yopereka mavoti 11.1, pulopela ya mainchi 9 kapena 10, maservo (timota tosuntha zowongolera za pa mapiko ndi mchira) anayi a magalamu 9, ndi wailesi yowongolera ya 2.4GHz. KV imanena kuchuluka kwa mazungulo pa mphindi pa voti imodzi. Mota ya KV yokwera imafuna pulopela yaing'ono, ndipo mukaipatsa yaikulu imatentha n'kupsereza ESC. Pulopela youlukira ikhale yogula. Yosema ija isungireni poonetsa.

Batire ya LiPo imafuna chaja yakeyake yoyang'ana selo iliyonse. Selo isapitirire mavoti 4.2 ndipo isatsike kufika pa 3. Yotupa kapena yobooka imatha kuyaka. Tchajirani pa simenti, inu muli pomwepo.

Ndipo musaphunzirire kuwongolera pa ndege ya mpikisano. Gee Bee yeniyeniyo inali yovuta ngakhale kwa akatswiri, ndipo kakang'ono kake n'kovuta chimodzimodzi. Yambani ndi kandege ka fomu ka phiko lapamwamba, koyenda pang'onopang'ono.

Kukwera kwa Dedza kuli ndi kanthu pa kuuluka?

Kuli nako. Boma la Dedza lili pa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo pa msinkhu umenewu mpweya ndi wopepuka ndi magawo pafupifupi 15 pa 100 alionse. Phiko limanyamula mochepa ndipo pulopela imakoka mochepa. Kandege kamene buku likuti kamadzuka mosavuta, kuno kafuna kuthamanga mtunda wotalikirapo ndipo katera mwaliwiro. Ku Lizulu ndi kumapiri a Ntcheu n'chimodzimodzi, pamene kutsikira ku Golomoti kapena ku Bwanje mpweya umakhala wolemererako. Mankhwala ake ndi kupanga kopepuka ndi kusankha pulopela yokulirapo pang'ono, bola mota isatenthe.

Ulutsani pa bwalo lopanda anthu, kutali ndi mawaya a magetsi, msewu wa M1 ndi malire a dziko, mutapempha eni malo. Tindege towongoleredwa ndi wailesi tili ndi malamulo ake, choncho funsani akuluakulu oona za maulendo a pandege musanayambe.

Ndiye zoti ndiitanitse kunja ndi ziti?

Kwa kandege ka patebulo, pafupifupi palibe. Thabwa, waya, mabotolo ndi patapata zili konkuno, ndipo guluu, sandipepa, pulayima ndi penti mupeza m'mahadiweya a pa boma kapena ku Lilongwe. Ngati pali ndalama yapadera, igwere pa mpeni wa timalezala tosintha ndi chida choyezera kunenepa kwa zinthu pa mamilimita.

Kwa kouluka, itanitsani mota, ESC, maservo, wailesi, chaja, mapulopela angapo osinthira, ndi balsa ngati mwasankha thabwa. Ambiri amatumiza achibale a ku Johannesburg kapena kugula pa intaneti. Lembani mayina ndi manambala a zipangizozo ndendende monga alili, chifukwa wokugulirani sangadziwe kusiyana kwa mota ya 1000KV ndi ya 2200KV, ndipo m'maso zimafanana. Werengeranitu msonkho wa pachipata. Mabatire a LiPo ali ndi malamulo okhwima otumizira pa ndege, ndiye funsani wonyamula katunduyo ngati amawalola musanalipire. Muuzeninso wogulayo aone kuti pulagi ya batire ndi ya ESC ndi za mtundu umodzi.